Chibakera chili ndi kwawo: mbiri ya unzika mu nkhonya

Nkhonya zitalowa koyamba m'masewera a Olimpiki ku St. Louis mu 1904, za unzika sizinavute munthu, poti onse amene anasinthana zibakera anali a ku America. Zinthu zinasintha mu 1908 ku London, pomwe osewera anayamba kulembetsedwa kudzera m'makomiti a maiko awo. Kuyambira pamenepo, wankhonya wosalipidwa samenyera dzina lake lokha, amamenyera mbendera.

Nanga ife mbenderayo tinali nayo? M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Nyasaland inamangidwa mtolo umodzi ndi ma Rhodesia awiri, moti ku masewera a Commonwealth a ku Perth mu 1962 kunapita timu imodzi ya Rhodesia ndi Nyasaland. Anzathu a ku Zambia zinawachitikira zodabwitsa mu 1964: analowa Olimpiki ya ku Tokyo ngati Northern Rhodesia, koma pa 24 October, tsiku lotsekera, anaguba ali Zambia.

Malawi itadziimira payokha, ankhonya ndiwo anayamba kutitchukitsa. Tatu Chionga anabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku masewera a Commonwealth ku Edinburgh mu 1970, ndipo mu 1986, mumzinda womwewo, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anachita chimodzimodzi. Koma lamulo la unzika la 1966 linali louma. Munthu wamkulu sankaloledwa kukhala nzika ya maiko awiri. Mwana wobadwa ndi unzika uwiri ankayenera kusankha kumodzi akakwanitsa zaka 21. Kwa dziko lomwe linatumiza amuna ake miyandamiyanda kutheba ndi ku Halale, uku kunali kudzimana tokha. Mwana wa mtchona akatenga pasipoti ya kumene anakulira, basi, tamutaya.

Lamulo la Olimpiki, ndime 41, limati woimira dziko akhale nzika ya dzikolo. Wa unzika uwiri asankhe, koma akaimira dziko lina kamodzi, adikire zaka zitatu asanavale malaya a linzake, pokhapokha makomiti a maiko onse awiri ndi bungwe la nkhonya atagwirizana, akuluakulu a Olimpiki n'kuvomereza. Lennox Lewis anabadwira ku London, anapatsa Canada golide ku Seoul mu 1988, kenako n'kukamenya zolipidwa monga wa ku Britain. Ku zolipidwa kulibe mpanipani wotere: Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre, anakulitsa dzina lake ali ku South Africa, koma ankatchedwabe Mmalawi.

Ku Balaka ndi ku Machinga nkhaniyi imafika pakhomo penipeni. Njanji yochoka pa Nkaya imadutsa pa Liwonde kukafika ku Nayuchi, ndipo ukangodumpha malire uli ku Entre Lagos ku Mozambique, komwe Chiyao ndi Chilomwe n'chomwecho, maliro ndi maukwati amayenderana. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990. Ena anabwerera mtendere utabwera mu 1992, ena anakwatira n'kukhazikika. Kale mawu a mfumu ankakwanira kutsimikiza kuti uyu ndi wathu. Kuyambira 2017 tili ndi zitupa za unzika, ndipo pampikisano wa kunja, m'mawa pokwera sikelo, oyang'anira amatsegula pasipoti, osati kufunsa gogo wako. Mnyamata amene wakhala akumenya thumba la mchenga lopachikidwa pamtengo wa mango angathe kugwetsa onse a msinkhu wake, n'kutsala pakhomo chifukwa cha pepala.

Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu December 2018. Inachedwa, koma tsopano mwana wa ku Ulongwe wobadwira ku Joni angathe kutimenyera osataya mapepala a kumeneko.

Otsala ndi amene alibe dziko lowalandira. Olimpiki inawapangira timu ya othawa kwawo mu 2016. Cindy Ngamba, wobadwira ku Cameroon, ankaphunzira limodzi ndi ankhonya a timu ya Britain koma analibe pasipoti yawo. Ku Paris mu 2024 anapambana bronze, mendulo yoyamba ya timu ya othawa kwawoyo. Kuno, mwana wobadwira pamsasa wa Dzaleka ku Dowa sakhala Mmalawi chifukwa chongobadwira pano. Lamulo lathu limayang'ana unzika wa makolo.