Madzulo a Ana a ku Joni

Pamene makolo athu ankatsika ndi Wenela kunka ku Joni, mzinda umene unabadwa ndi golide m'chaka cha 1886, anapeza mudzi wofuna manja a munthu wakuda usana, koma wokana nkhope yake dzuwa likalowa. Ndipo ngati akulu anasauka nawo mkhalidwe umenewu, koposa kotani ana obadwira m'makomboni, amene analibe bwalo losewerapo pamwezi, ngakhale chitelera, ngakhale agogo owaimbira nthano?

Lamulo linali lakuti wakuda wopezeka mumsewu usiku wopanda chiphaso akagone m'chitolokosi. Chifukwa chake maholo onga Bantu Men's Social Centre, imene inatsegulidwa mu 1924 pa Eloff Street, anazolowera kuyamba ndi makwaya ndi zisudzo madzulo, nagwetsa dansi kufikira mbandakucha, pakuti kutuluka pakati pa usiku kunali kudzipereka m'manja mwa apolisi. Ku Sophiatown wachinyamata wokhala ndi kandalama ankapita kukaonera kanema ku Odin. Wopanda kanthu ankaima pamphambano ndi chitoliro chake chachitsulo, monga ankachitira Lemmy Mabaso akali kamnyamata, ndipo nyimbo za kwela zoimbidwa m'misewu imeneyo zinayenda ulendo wautali kufikira zinamera kwathu ku Chileka, m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba.

Koma amene ayenera kukumbukidwa mwaulemu ndiye Bambo Trevor Huddleston, wansembe wa Anglican amene anafika ku Sophiatown mu 1943, ndipo ngakhale anali mlendo wochokera ku Mangalande, anamvetsa mawu a akulu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iye poona kuti mnyamata wosowa chochita madzulo amagwa m'manja mwa atsotsi ndi m'mashabini, sanangodzudzula paguwa ai, koma mu 1954 anapezera lipenga mwana wa sukulu ya St Peter's ku Rosettenville, dzina lake Hugh Masekela, nasonkhanitsa anzake, mmodzi wa iwo Jonas Gwangwa, kukhala gulu la Huddleston Jazz Band. Ndipo mbiri yawo itafika ku Amereka, Louis Armstrong mwini anawatumizira lipenga lake. Ine ndiyesa kuti lipenga loyamba lija linachita ntchito yoposa maulaliki ambiri.

Boma la tsankho silinalole kuti zimenezi zikhalitse. Pa 9 February 1955 apolisi okwana 2,000 anayamba kusamutsira anthu a ku Sophiatown ku Meadowlands, ndipo mu 1956 St Peter's inatsekedwa chifukwa cha lamulo la Bantu Education. Chimene sichinatsekedwe ndicho maholo a mowa, amene khonsolo ya mzinda inayamba kutsegula mu 1938, ndi kumayendetsa makomboni ndi phindu lake. Kotero kuti mwana wa ku Soweto anakula akuona nyumba ya mowa itayaka nyali, malipiro a atate wake akuthera momwemo, pamene malo omulandira iye madzulo, monga holo ya Donaldson ku Orlando, anali owerengeka ndithu.

Nchifukwa chake m'mwezi wa June 1976, ana a sukulu ataukira chiphunzitso cha m'Chiafrikaans, ndi apolisi atayamba kuwaombera, pakati pa nyumba zoyamba zimene anawo anazitentha panali maholo a mowa ndi mabotolo sitolo a boma.