Mawu a ballet akafika m'khitchini

Mu Malichi 2020, mliri wa COVID-19 utatseketsa nyumba zovinira, Mayi Tamara Rojo, omwe panthawiyo ankatsogolera gulu la English National Ballet, anayamba kuphunzitsa gule wa ballet ali m'khitchini mwawo ku London, anthu a m'mayiko ambiri akuwatsatira pa intaneti. Sukulu zing'onozing'ono nazo zinasamukira pa Zoom. Ine ndinali ku Manchester kwa mchemwali wanga, ndipo madzulo ndinkaonerera mwana wake wamkazi wazaka 10 ataimika tabuleti pamulu wa mabuku, dzanja lamanzere lili pampando wodyera, msana uli njoo, akudikira mawu a aphunzitsi ake.

Mphunzitsi wa ballet amaphunzitsa ndi manja. Amatsitsa phewa la mwana, amakankhira chidendene kutsogolo, amagwira pamimba kuti ilowe. Pa kanema manja amenewa kulibe. Chimatsala ndi mawu basi, ndipo m'miyezi imeneyo ndinazindikira kuti mwana amene amadziwa tanthauzo la mawuwo amatha kudzikonza yekha, pomwe amene anangowaloweza amangotsanzira chithunzi.

Ambiri mwa mawuwo ndi a Chifalansa. Guleyu anabadwira m'nyumba za mafumu ku Italy, koma anakulira ku France, komwe Mfumu Louis XIV inakhazikitsa Académie Royale de Danse mu 1661. Pierre Beauchamp, mphunzitsi wa gule wa mfumuyo, ndi amene amatchulidwa kuti anaika m'dongosolo maimidwe asanu a mapazi omwe mwana aliyense amayambira mpaka lero. N'chifukwa chake wovina wa ku Tokyo akhoza kulowa m'kalasi ya ku Havana n'kumva zambiri. Ndipo mawuwa, ngakhale amamveka apamwamba, ndi a tsiku ndi tsiku. Plié ndi kupinda. Tendu ndi kutambasula. Frappé ndi kumenya, jeté ndi kuponya, fondu ndi kusungunuka. Ndinamva aphunzitsi aja akuuza mtsikanayo kuti fondu yake yauma, aganizire batala ali pamoto. Bondo lake linatsika mwa myaa nthawi yomweyo, popanda wina kumugwira.

Kalasi imayambira pa barre, mtengo wopingasa umene amaukhoma kukhoma kuti wovina atsamirepo dzanja. Kunyumba mpando kapena m'mphepete mwa sinki zimalowa m'malo mwake, bola zisagwedere. Gawo ili ndi limene limakwanira bwino m'chipinda chaching'ono, ndipo ndondomeko yake sisintha kwenikweni: plié kaye kuti mawondo ndi akakolo atenthe, kenako tendu, phazi likukhula pansi mpaka zala zitasongoka, kenako rond de jambe, mwendo ukujambula theka la bwalo pansi, n'kumalizira grand battement, mwendo ukuponyedwa m'mwamba chiuno chili phee. Dzanja pa barre silikangamira ayi, limangokhalapo. Mpando ukayamba kukwekwereka, dziwani kuti mwanayo akuimira dzanja m'malo moimira mwendo.

Mawu amene ndimawaopa kwambiri akafika pa intaneti ndi en dehors, kutanthauza kutembenuzira kunja. Angerezi amati turnout. Ndiwo muzu wa ballet yense. Mwendo wonse umayenera kutembenuka kuchokera pamene ntchafu imalumikizana ndi chiuno, kuti bondo ndi zala zakumapazi ziloze mbali imodzi. Koma mwana akayang'ana pa kanema amangoona mapazi a aphunzitsi atatambalala, ndiye naye amapotokola mapazi ake okha, mawondo n'kutsalira kutsogolo. Pakamera yaing'ono zimaoneka ngati zili bwino. M'kati bondo likupotoka tsiku ndi tsiku, ndipo phazi likugwera m'kati. M'kalasi yeniyeni aphunzitsi amaona zimenezi ali chapatali n'kubwera kudzakonza. Kunyumba, mankhwala ake ndi funso limodzi lomwe mwana ayenera kumadzifunsa popinda: kodi bondo langa lili pamwamba pa chala chapakati? Ngati ayi, achepetse kutambalalako. Kutembenuka pang'ono kochokera m'chiuno kumaposa kutembenuka kwambiri kobera m'mawondo.

Palinso tizovuta ta makinawo. Nyimbo imafika mochedwa pang'ono, moti ana khumi amawerenga "5, 6, 7, 8" aliyense pa nthawi yake. Kamera nthawi zina imatembenuza chithunzi ngati kalilole, kumanja n'kukhala kumanzere. Aphunzitsi odziwa amasiya kutchula mbali n'kumangoti mwendo woimira ndi mwendo wogwira ntchito.

Ukachoka pa barre umapita pakati pa chipinda, ndipo apa nyumba imayamba kuchepa. Port de bras, kayendetsedwe ka mikono, ndi épaulement, kapendekedwe ka mapewa ndi mutu, zimatheka paliponse. Kunena zoona, ana ambiri angapindule atazipatsa nthawi imene akanathera podumpha. Pirouette, kuzungulira pamwendo umodzi, imathekanso ngati tebulo lasunthidwa. Chinsinsi chake ndi maso: umasankha chinthu chimodzi kukhoma, mutu umatsalira thupi likayamba kuzungulira, kenako umathamanga n'kukachipezanso chinthucho thupi lisanafike. Mtsikana uja ankayang'ana kalendala, ndipo chizungulire chinamuleka.

Allegro ndi nkhani ina. Mawuwa ndi a Chitaliyana, ochokera ku nyimbo, ndipo m'kalasi amatanthauza gawo la kudumpha. Pansi pa nyumba zophunzirira ballet amayala matabwa okhala ndi mpata kunsi kuti azinyutuka munthu akatera. Simenti ndi matailosi sizinyutuka. Mphamvu yonse imabwerera m'miyendo ndi mumsana. Mphunzitsi wabwino wa pa intaneti amachepetsa kudumpha kapena kukusiyiratu, ndipo ine sindingamukhulupirire amene amalamula grand jeté osafunsa kuti ana aponda pa chiyani. N'chimodzimodzi ndi pointe, kuvina ndi nsonga za zala mu nsapato zolimba kumapeto, komwe Marie Taglioni anakutchukitsa mu La Sylphide mu 1832. Ana amakufikira ali ndi zaka ngati 11 kapena 12, ataphunzira zaka zingapo, mphunzitsi atawagwira mapazi ndi manja ake n'kuvomereza. Ichi sichoyambira m'khitchini.

Chinanso, mawu amodzimodziwo satanthauza zofanana m'sukulu zonse. Njira ya Enrico Cecchetti ili ndi mitundu isanu ya arabesque (kuima pamwendo umodzi, winawo utatambasulidwa kumbuyo), ya Agrippina Vaganova ili ndi inayi, ndipo Royal Academy of Dance, yomwe inakhazikitsidwa ku London mu 1920, ili ndi kawerengedwe kake. Mwana wodumphadumpha pa YouTube, lero uyu mawa uyo, amasokonezeka. Ndi bwino akhale ndi sukulu imodzi, yomwe aphunzitsi ake amamuona n'kumutchula dzina pomukonza.

Sindikuchepetsa zimene intaneti ingachite. Chaka chomwecho cha 2020, kanema wa Anthony Mmesoma Madu, mnyamata wazaka 11 wa ku Lagos, akuzungulira opanda nsapato mvula ili pamsana, anafalikira dziko lonse. American Ballet Theatre inamupatsa mwayi wophunzira nawo pa intaneti, ndipo pambuyo pake anapita ku Elmhurst Ballet School ku Birmingham, komwe kuli matabwa onyutuka ndi aphunzitsi omuimirira pafupi.

Kalasi iliyonse imatha ndi révérence, kuwerama kothokoza mphunzitsi ndi woimba piyano. Mwana wa mchemwali wanga ankaweramira tabuleti, aphunzitsi ake nawo n'kuwerama kuchokera m'chipinda chawo. Inu kholo amene mwana wanu akuphunzirira kunyumba, ikani kamera chapatali kuti azioneka yense kuyambira kumutu mpaka kuzala, m'funseni tanthauzo la liwu lililonse limene wamva, ndipo musalole kuti adumphe pasimenti.