Mphako ya Ng'oma ndi Liwu la Gule ku Chifunde

Luso losema ng'oma m'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi lakale ngati gule wamkulu amene ng'omazo zimamuyimbira. Derali linali pakati pa ufumu wa Undi, amene likulu lake linali ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dzikoli pakati, ndipo m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero). Madambwe anatsala m'midzi, pamodzi ndi amisiri ake.

Mmisiri amakumba chipika n'kusiya mphako, kenako amakhoma chikopa ndi zikhomo. Chikopa ndicho chimanjenjemera, koma mpweya wa m'mphako ndiwo umasankha mawu oti akule ndi oti azilale. Mphako yaitali ya mpanje imakuza mawu apansi. Mbalule, imene imatsogolera mapazi a wovina, imalira mokwera ndi mothwanima. Woyimba amawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo akamata phula pakati chimalemera, liwu n'kutsika. Zonsezi amapima ndi khutu basi.

Mmero ndi m'kamwa mwa munthu nazo ndi mphako, koma yosintha kukula. Potchula "i", lilime limakwera kutsogolo: mawu a pafupi ndi 300 Hz amakula, enanso pamwamba pa 2,000 Hz. Potchula "a", kamwa limatseguka ndipo gawo loyambalo limakwera kufika cha m'ma 700 Hz. Hermann von Helmholtz anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1863, atayesa ndi timabotolo tozungulira tamkuwa ndi tagalasi. Popeza mphako imeneyi imasiyana munthu ndi munthu, mayi amazindikira liwu la mwana wake ngakhale mumdima. Mpake kuti gule salankhula ngati munthu wamba: amapanikiza mmero, amakweza liwu, kapena kulidzeretsa m'mphuno, kuti wapabwalo asalote n'komwe kuti ndi ndani.

Amishoni analimbana ndi nyau, boma la Frelimo nalo linaunyoza mwambowu litangotenga ufulu mu 1975, ndipo nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 inathawitsira anthu ambiri a ku Chifunde ku Zambia ndi ku Malawi. Atabwerera anasemanso ng'oma. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu wa maiko atatuwa m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, ndipo mu Ogasiti Achewa a ku Mozambique amawoloka malire kupita ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, ku Zambia.