Kucepa kwa Fosifeti M'magazi ndi Cibayo ca Okalamba

Fosifeti ndi mcere wa m'thupi umene timaupeza m'zakudya monga kapenta, nyemba, nshawa, mazira, mkaka ndi nyama. Pafupifupi 85 peresenti ya mcerewu imakhala m'mafupa ndi m'mano, ndipo wocepa cabe ndiwo umayenda m'magazi. Kwa munthu wamkulu muyeso wabwino uli pakati pa 0.8 ndi 1.5 mmol pa lita imodzi ya magazi. Ukatsika kufika pansi pa 0.3, zinthu zafika poopsa.

Popanda fosifeti minofu siipeza mphamvu. Apa ndiye pagona nkhani ya cibayo, cifukwa kupuma nakonso ndi nchito ya minofu, makamaka mnofu waukulu wa pansi pa mapapo. Mu 1985 Michel Aubier ndi anzake ku France anaonetsa kuti odwala opumira makina, amene fosifeti wao anali wocepa, mnofu uwu unayamba kukoka mwamphamvu atawaonjezera mcerewo. Agogo amene mapapo ao adzaza kale makhololo, mnofuwu ukafooka amalephera kutsokomola bwino ndipo kupuma kumawatopetsa msanga. Madokotala aona kuti odwala cibayo amene fosifeti wao watsika kwambiri amakonda kukhalitsa m'cipatala, ndipo ambiri mwa iwo matenda amawakulira. Nthawi zina kutsikako kumakhala cizindikiro cabe cakuti thupi linafooka kale.

Cibayo ceniceni cimatsitsa fosifeti, pakuti kupuma mofulumira kumacititsa mcerewu kucoka m'magazi ndi kulowa m'maselo. Zina zotsitsa ndi mowa wa nthawi yaitali, kutsegula m'mimba, insulini, mankhwala ena a cilungulira, ndi tenofovir wa m'ma ARV, amene nthawi zina amacititsa impso kutaya mcerewu. Omwa ma ARV asaleke mankhwala. Angouza dokotala zimene akumwa.

Coyambitsa cimene cikutikhudza kwambiri ife ocezera odwala ndi njala. Munthu amene wakhala masiku ambiri osadya bwino, akadya cakudya cambiri mwadzidzidzi, fosifeti amathamangira m'maselo ndipo m'magazi amatsika kwambiri m'masiku ocepa oyamba. Kafukufuku wa ku Lusaka wofalitsidwa mu 2010 anapeza kuti mwa anthu oonda kapena odwala kwambiri amene amayamba ma ARV, a fosifeti wocepa ndiwo amamwalira msanga. Timadziwa mtima wa kwathu: agogo akangoti "ndamva njala," timakondwa ndi kuwadzazira mbale ya nsima ndi cakumwa cotsekemera. Ndi bwino kuyamba pang'onopang'ono, phala la nshawa kapena la mkaka, kangapo pa tsiku, ndi kuuza anamwino masiku amene wodwala wakhala osadya.

Zizindikiro zake, monga kufooka, kusokonezeka mutu ndi kupuma movutika, zimafanana ndi za cibayo comwe, conco codziwira ndi kupima magazi basi. Musagule mankhwala oonjezera fosifeti mwa inu nokha. Okalamba ambiri impso zao n'zofooka, ndipo kwa iwo mcerewu ukaculuka umavulazanso.