Kuchokera kwa Mponda Mpaka pa Mchape



Munthu akanyamuka pa Nkope, pamene pali mishoni ya abale athu a Anglican, natsata msewu wolowera ku boma la Mangochi, amafika kwa Mponda, kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Pamalo amenewo ndi pamene panamangidwa mishoni yoyamba ya Eklezia Katolika m'dziko lino. Pa 28 Disembala 1889 panafika ansembe atatu a White Fathers, Bambo Adolphe Lechaptois, Bambo Valentin Heurtebise ndi Bambo Joseph Mercui, pamodzi ndi bulazala mmodzi dzina lake Antoine. Anatumidwa ndi Kadinala Lavigerie mogwirizana ndi boma la Apwitikizi, limene linkafuna dera lino. Koma mwezi wotsatira womwewo, mu Januwale 1890, Angerezi anaopseza Apwitikizi kuti achoke, ndipo ansembe aja anatsala okha pakati pa nkhondo za mafumu ndi malonda a akapolo. Anaphunzira Chiyao, anaphunzitsa ana, anatsuka zilonda za odwala. Mu Juni 1891 ananyamuka ulendo wa kumpoto mpaka ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia, osasiya pambuyo mpingo wa Akristu obatizidwa.

Kodi tinene kuti analephera? Pa maso a anthu, inde. Koma tikumbukire kuti Kadinala Lavigerie anawalamula kuti munthu wamkulu akonzekere ubatizo kwa zaka zinayi, ndipo iwo anakhala kwa Mponda chaka chimodzi ndi theka chokha. Kukanakhala kosavuta kukopa anthu ndi nsalu ndi mikanda, kuwathira madzi pamutu, ndi kulemba chiwerengero chokondweretsa m'kalata yopita ku Algiers. Sanatero. Anasankha kuchoka manja lendelende kusiyana ndi kutchipitsa sakramenti. Ife tikuona kuti kukhulupirika kwa Eklezia wa kuno kunayambira pa kukana kumeneku.

Pano tinene mosapsatira, popeza tikukhala pakati pa abale athu Asilamu, ena mwa iwo amalume athu ndi alamu athu: tikamakamba za chiphunzitso chonama sitikunena iwo ai. Chimene Paulo Woyera ankachenjeza ndi chija chimabadwira m'nyumba momwe, kapena chimabwera chitavala malaya a Eklezia. Pamene anamsiya Timoteo ku Efeso, ntchito imene anampatsa inali yoletsa anthu ena a mumpingo kuphunzitsa zachilendo. M'kalata yachiwiri akutchula maina, Himeneo ndi Fileto, amene ankauza Akristu kuti kuuka kwa akufa kunachitika kale. Ndipo ku Efeso komweko, buku la Ntchito za Apostoli likusimba za ana asanu ndi awiri a Skeva, amene anatenga dzina la Yezu ngati chithumwa chotulutsira mizimu yoipa, chonsecho Yezuyo sankamkhulupirira. Onsewa ankagwiritsa mau enieni a chikhulupiriro. Chimene anachotsamo ndi mtanda, ndi kudikira.

Mishoni zinabwereranso. Abambo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo pang'onopang'ono masukulu a m'midzi anafalikira mpaka kunyanja. Koma wansembe ankafika pamudzi mwa kamodzikamodzi, pa njinga kapena pa bwato. Amene ankagona m'mudzimo, kutsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa katekisimu ndi kuika maliro, anali mphunzitsi, amene lero timati katekisiti. Ndiye amene anakumana ndi mayeso aakulu a zaka za 1933 ndi 1934.

Nthawiyo inali yowawa. Mitengo ya fodya ndi thonje inagwa kutsatira mavuto a chuma a dziko lonse lapansi amene anayamba mu 1929. Amuna ambiri anabwerako ku Harare ndi ku migodi alibe ntchito, koma msonkho sunaleke. Komanso lamulo la boma la atsamunda la 1911 linali litaletsa mwavi ndi kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, kotero anthu ankaona ngati boma latchinjiriza mfiti, osati iwo. Ndi m'masiku amenewo mmene munatulukira mchape. Unayambira cha ku Mulanje, ndipo dzina limene linkamveka linali la Kamwende, amene ankati anafa naukanso ali ndi mankhwala othetsa ufiti. Anyamata ogulitsa mankhwalawo anayenda m'midzi, kudutsa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Northern Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Akafika pamudzi ankandandalika anthu pa mzere, kuwayang'ana pa kalilole, kuwalamula kutulutsa nyanga ndi zithumwa zimene ankaziunjika poyera, kenaka kuwamwetsa madzi ofiira. Lonjezo lake linali lakuti womwa sadzalodzedwanso, ndipo akabwerera ku ufiti adzafa.

Taonani, abale, mmene zinthuzi zinafanirana ndi zathu. Panali munthu wofa nauka. Panali kuulula zoipa pa gulu. Panali kusambitsa mudzi wonse, pajatu mau akuti mchape amachokera pa kuchapa. Panali ngakhale ulaliki wodzudzula zoipa. Mkristu wosakhwima akanafunsa kuti: nanga cholakwa n'chiyani, poti ndi Eklezia yemwe amadana ndi ufiti? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mchape unkaphunzitsa kuti choipa chili mwa mnzako, ndipo chimatha pa tsiku limodzi ndi botolo logula. Uthenga Wabwino umaphunzitsa kuti choipa chimayambira mumtima mwa munthu aliyense, ndipo chimagonjetsedwa ndi chaulere cha Mulungu, pa kutembenuka mtima kwa moyo wonse.

Mishoni za Katolika, za Anglican ndi za mipingo ina zinaletsa Akristu kumwa mchape, komabe ambiri anamwa, ndipo analandira chilango cha mpingo. Tisafulumire kuwaweruza. Kukana kumwa pamene mfumu yamwa, apongozi amwa, mudzi wonse wamwa, kunali ngati kuvomera pa bwalo kuti mfiti ndi iwe. Ganizirani tsono katekisiti woima yekha pambali pa mzere uja, wansembe ali kutali, mkazi wake akumnong'oneza kuti angomwako pofuna kupulumutsa ana ku manyazi. Amene anapirira pa tsiku lotere anasunga chikhulupiriro chimene ife tinachipeza, ngakhale maina ao ambiri sali m'mabuku a mbiri.

Tivomerenso, ife ansembe, kuti mbali ina ya mlandu inali yathu. Amishoni ambiri ankangouza anthu kuti ufiti kulibe, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma munthu amene waika ana awiri m'chaka chimodzi safuna kutsutsana naye za nzeru. Amafuna wina womuuza kumene angapite ndi mantha ake. Pamene ulaliki unasiya mpata umenewo, ogulitsa mabotolo analowapo.

Mchape wa 1934 unazilala wokha, popeza anthu anapitiriza kudwala ndi kufa monga kale. Eklezia anakula mpaka dera lino linakhala dayosizi ya Mangochi mu 1973, pansi pa Ambuye Alessandro Assolari, ndipo mu 1989, zaka 100 chifikire ansembe aja kwa Mponda, Apapa Yohane Paulo Wachiwiri anadzacheza m'Malawi. Koma patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1995, dzina la mchape linamvekanso. Bambo Billy Goodson Chisupe a ku Machinga anati analota mankhwala ochiza Edzi, ndipo anthu miyandamiyanda anakhamukira kwao cha ku Liwonde. Iwowa sankalipiritsa, ndipo zimenezi tizinene mwachilungamo. Ife tinali achinyamata nthawi imeneyo, ndipo tikukumbukira malole odzaza anthu onyamula zigubu, pakati pao Akristu ovala makorona m'khosi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala mu 2004. Zaka zisanu ndi zinayi za pakatipo, m'midzi ya kunyanja kuno, amene ankayendera odwala aja atabwerako ku Liwonde, kuwaitanira wansembe ndi kutsogolera nyimbo pa maliro ao, anali akatekisiti ndi amai a m'miphakati.