Woipa wa m'Nthano za ku Mchinji Sachokera Kutali

Dera la Mchinji likadafuna kusimba kuti zoipa zimachokera kunja, silikadasowa umboni. Angoni amene adawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba adagawikana pambuyo pake, ndipo nthambi ya Mpezeni idadzakhazikika kufupi ndi komwe lero kuli Chipata, nkumathira nkhondo midzi ya Achewa, kuphatikizapo dziko la mfumu Mkanda. Mu 1898 asilikali a Angerezi adathyola mphamvu za Mpezeni napha mwana wake Nsingo, ndipo linga la Fort Manning ndilo lidapatsa bomali dzina mpaka dziko litalandira ufulu. Malire a atsamunda adadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi, wina nkukhala wa ku Nyasaland, mphwake wa ku Northern Rhodesia. Komabe nthano zimene agogo a m'derali ankasimba madzulo pokhala pamoto sizidzala ndi ankhondo achilendo. Woipa wa m'nthanozo kawirikawiri ndi mbale wako, mkazi mnzako wa pamitala, mkamwini wosusuka, mayi wokupeza. Ndikuona kuti izi sizidangochitika. Makolo adaika nkhondo ya chabwino ndi choipa m'kati mwa mudzi mwadala, ndipo mabuku athu ndi olimba pamene adasunga nzeru imeneyi.

Nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J.W. Gwengwe adailemba kukhala buku m'zaka za m'ma 1960, ikuonetsa bwino zimenezi. Abale awiri apita kutali kukagwira ntchito. Sikusinja asunga zimene wapeza, Gwenembe amwaza zake. Pobwerera, manyazi ofika kumudzi chimanjamanja asanduka njiru, ndipo Gwenembe apha mbale wake panjira natenga katundu. Palibe munthu amene waona. Koma kambalame kayamba kuimba za mlanduwo, ndipo ngakhale akaphe, kadzukanso nkumutsata mpaka pabwalo. Taganizani mmene nkhaniyi inkamvekera kwa anthu a ku Fort Manning, kumene anyamata ankachoka kupita ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena nkubwera ndi njinga, bulangete ndi sutukesi, ena nkusanduka matchona osamvekanso. Mayi amene mwana wake sadabwere, pamene mnzake wopita naye wafika atalemera, ankaimva nthanoyo ndi mtima wonse. M'menemo mulibe chilombo, mulibe Satana. Muli anthu awiri oyamwa bere limodzi, ndipo choipa chikuphuka pang'onopang'ono mwa mmodzi: kuwononga, manyazi, kaduka, kenako magazi.

Chifukwa chake chili m'kakhalidwe ka mudzi wa Achewa. Munda, ufumu ndi ulamuliro pa mbumba zimatsata kuchikazi, ndiye anthu amene ungalimbirane nawo zinthu zenizeni ndi omwewo amene umadya nawo: atsibweni, mphwako, ana a alongo. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a m'boma la Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 nasindikiza buku lake Sorcery in its Social Setting mu 1965, adapeza kuti anthu akamatchulana ufiti, nthawi zambiri amakhala a pachibale, makamaka a mbumba imodzi. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, amayenda m'njira yomweyo. Zilombo zambiri zotuluka kudambwe zimaonetsa makhalidwe oipa, monga uchidakwa, chiwerewere, ulesi ndi kudzikuza, ndipo amayi oimba ndi kuwomba m'manja pabwalopo amadziwa bwino kuti khalidwe limene likuvinidwalo lili m'nyumba zawo zomwe. Bambo Claude Boucher a ku Mua adatha zaka zambiri akulemba matanthauzo a zigoba zimenezi, ndipo adaonetsa kuti gule amaphunzitsa mwambo poonetsa chosemphana nawo. Woipa sathamangitsidwa pabwalo. Amaitanidwa, avine, aliyense amuone.

Amishoni adafika ndi kasimbidwe kena. A Dutch Reformed adatsegula Magwero kutsidya kwa malire mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers adakhazikika ku Kachebere mu 1903. M'maulaliki ndi m'makalasi a katekisimu, dziko lidagawidwa pawiri: kuwala ndi mdima, akhristu ndi akunja, tchalitchi ndi dambwe. Buku la Samuel Josia Nthara lotchedwa Nthondo, limene lidatuluka mu 1933 ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934, limayenda m'njira imeneyi: mnyamata wovuta, wakuba, apita kutali kukagwira ntchito, abwerera, alowa ufumu, potsiriza atembenuka mtima. Wina anganene kuti ndikuwanamizira amishoni, popeza Buku Lopatulika la 1922 nalonso lili ndi Kaini ndi Abele, ndi Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake. Nzoona, ndipo nkhani zimenezo nzimene zidalowa msanga m'mitima ya anthu chifukwa ankazidziwa kale m'maonekedwe ena. Chachilendo chidali kupereka dzina la choipa kwa gulu lathunthu, kotero kuti munthu ankatha kukhala wa mdima chifukwa cha ng'oma imene amavina, osati chifukwa cha zimene wachitira mnansi wake. Anyau adayankha mwa njira yawo: adasema zigoba za Maliya ndi Simoni nawalowetsa m'gule, alendo aja nkukhala a pamudzi oti nawonso awonedwe ndi kuyesedwa. Ndipo Nthondo yemwe amakoma osati pamapeto pamene zonse zakonzeka, koma pakati, pamene Nthara akuonetsa mwana wa m'mudzi akuvutitsa abale ake omwe.

Pali ena amene amati nthano zathu zilibe nkhondo ya chabwino ndi choipa nkomwe, poti Kalulu ndi wabodza, wakuba, koma ndiye amapambana. Mfundoyi ndi yosaya. Kalulu amapambana akakumana ndi Njovu kapena Mkango, amphamvu amene sangawagonjetse ndi dzanja, ndiponso Fisi amene dyera lake limamutchera lokha msampha. Koma akakana kukumba nawo chitsime nkumaba madzi a anzake, amagwidwa, ndipo womugwira ndi Kamba, wonyozeka uja. Mwana womvera amaphunzira kuti kuchenjera komweko kumene kumapulumutsa wofooka kumasanduka mlandu kukalozetsedwa kwa anzako. Phunziro lotere ndi lovuta kuposa kungouza mwana kuti uyu ndi mngelo, uyu ndi chiwanda.

Chotsutsa cholemera ndi china, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mudzi umene umafunafuna choipa pakati pa abale ndi womwewo umene unkamwetsa anthu mwabvi, mpaka boma la Nyasaland lidauletsa ndi lamulo la ufiti la 1911. Ndi womwewo umene udalandira amchape cha m'ma 1933 ndi 1934, pamene adachokera ku Mulanje nafika mpaka ku Northern Rhodesia, akufoletsa anthu pamzere ndi kuwayang'ana pagalasi kuti aone mfiti. Mpaka lero nkhalamba zimathamangitsidwa, zina kuphedwa kumene, ndi adzukulu awo. Kodi si nthano zomwezi zimene zidabzala mtima wokayikira mbale? Mbali ina ndi zoona, ndipo wokonda mwambo asabise. Koma tiyang'anitsitse zimene nthano ya Sikusinja imachita. Gwenembe saweruzidwa chifukwa ndi wokalamba, wosauka, wa maso ofiira, kapena chifukwa wina wamulota. Womvera adamuona akupha. Kambalame kakunena chinthu chimene chidachitikadi, kakutchula malo ndi katundu, ndipo mudzi ukumva kaye usanagamule. Mchape ankayamba ndi mantha a gulu nkufuna munthu woti awasenze, pamene nthano imayamba ndi mlandu weniweni nkukana kuti ukwiriridwe. Galasi la amchape lidagawa mudzi pawiri, oyera ndi akuda, monga ankachitira maulaliki a amishoni aja, ndipo wolowa pamzere ankayembekeza kuti choipa chipezeka mwa mnzake. Nthano simpatsa womvera mpata umenewo, chifukwa mwana aliyense wokhala pamphasa ali ndi mbale, ndipo adamuchitirapo kale kaduka.