Chiperoni: mvula yolera tiyi, nkhungu yobisa phiri

Pa 31 Januwale 1989, ku Northway m'chigawo cha Alaska ku America, mpweya unalemera mpaka kupyola 1,078 hPa, pomwe muyezo wa masiku onse umakhala pa 1,013 hPa. Kunja kunali kowala bwino, koma oyendetsa ndege anali pamavuto. Chipangizo chowauza kuti ali pamwamba bwanji, chotchedwa altimita, sichiona nthaka ayi. Chimayeza kulemera kwa mpweya, chifukwa munthu akamakwera mpweya umanka nupepuka. Woyendetsa amayenera kuchitchera mogwirizana ndi mpweya wa tsikulo, ndipo zipangizo zambiri zinkathera pa 1,050 hPa. Akuluakulu a zandege ku America anachita kukhazikitsa malamulo apadera owulukira masiku otere.

Kuno kwathu mpweya sulemera kufika pamenepo. Komabe mpweya wolemera uli ndi mbiri yake m'mlengalenga mwa Malawi, ndipo malo abwino oiwerengera ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpweya wolemera umakhazikika kum'mwera kwa Africa ndi panyanja ya mchere ya India. Mpweyawu umakankha mphepo yozizira ndi yachinyezi kuchokera kunyanjako, kudutsa Mozambique, mpaka kugunda mapiri athu. Ikamakwera mapiriwo imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza yomwe imatha kukhala masiku angapo osakata. Ameneyu ndiye chiperoni, yemwe anatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kum'mwera kwa Mulanje.

Popanda chinyezi chimenechi mbiri ya Thyolo ikanakhala ina. Tiyi safuna chilimwe chachitali chouma. Henry Brown atayamba kumudzala ku Mulanje mu 1891, mbewuyi inafalikira ku Thyolo, komwe Maclean Kay anatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923. Chiperoni ankathandiza kuti tiyi asaume miyezi yomwe madera ena kumakhala fumbi lokhalokha. Nthaka inakwera mtengo m'maso mwa atsamunda, ndipo zotsatira zake tikuzidziwa: thangata, kusowa malo olima, ndi zipolowe za mu 1953. Tinganene kuti mphepo yochokera kunyanja inathandiza kusankha amene adzakhale mwini munda ndi amene adzathyole masamba.

Tsono mphepo yomweyo inali mdani wa ndege. Mu 1931 kampani ya Christowitz inayamba kuwulutsa tindege pakati pa Blantyre ndi Beira, ndipo pambuyo pake inalowa m'manja mwa Rhodesia and Nyasaland Airways, yomwe inakhazikitsidwa mu 1933. Ochoka ku Blantyre kupita ku Beira amalowera kum'mwera, kufupi ndi mapiri a Thyolo, Mulanje ali kumanzere ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002. Oyendetsa a nthawi imeneyo ankadalira maso: mtsinje, njanji, phiri lodziwika. Chiperoni akagwa zonsezi zimafufutika, ndipo chotsala ndi altimita yokha. Apa ndi pamene masamu aang'ono amasanduka nkhani ya moyo. Kulakwitsa ndi 1 hPa potchera chipangizochi kumapereka bodza la mamita 8. Kulakwitsa ndi 10 ndi mamita 80. Ndege ikachoka kumene mpweya uli wolemera kupita kumene uli wopepuka osatcheranso, imakhala pansi kuposa mmene chipangizo chikunenera. Kunja kukawala woyendetsa amaona yekha vutolo. M'nkhungu amaliona phiri litafika kale pamphuno.

Ndege za masiku ano zili ndi zipangizo zabwino, koma mapiri sanasunthe ndipo nyengo yozizira imabwerabe. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kumapiri a kumpoto, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany omwe anafufuza ngoziyi anapeza kuti ndegeyo inkawuluka m'munsi nyengo ili yoipa, kutsogolo kusakuoneka bwino. Chikangawa ndi kutali ndi Thyolo, koma vuto la mitambo yogona pamapiri mwezi wa Juni ndi lomwelo limene linkadetsa nkhawa oyendetsa a m'ma 1930.

Ine ndikuona kuti Amalawi timaipeputsa nkhani ya nyengo. A nthambi yoona zanyengo akalengeza kuti kukubwera chiperoni, ife timangoganiza za juzi ndi zovala zomwe siziuma pachingwe. Eni maesiteti sankatero. Ankalemba mvula ya tsiku lililonse chifukwa ankadziwa kuti chuma chawo chagona pamenepo. Ngati iwo ankayeza thambo pofuna kuteteza masamba a tiyi, dziko lodzilamulira liyenera kuliyeza mosamala koposa pofuna kuteteza anthu. Ndalama zogulira ndi kukonzera zipangizo zoyezera nyengo m'mabwalo a ndege ndi kumapiri siziyenera kukhala zomaliza kuganiziridwa aphungu akamakambirana bajeti. Woyendetsa ndege ali m'nkhungu amadalira nambala yomwe wina ali pansi wamuwerengera, ndipo nambalayo iyenera kukhala yoona.